Cholesterol ya ana ndi achinyamata: zimene mbiri ikuuza Lilongwe

Buku la kuchipatala la mwana wa ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona lili ndi malo olembapo kulemera kwake, katemera amene walandira ndi tsiku limene anamwa vitamini A. Malo a cholesterol mulibe. Chifukwa chake n'chomveka: ntchito yoona za kadyedwe ka ana m'Malawi inakhazikitsidwa pa nthawi imene ana ankafa ndi kusowa chakudya, ndipo mafuta ankawerengedwa ngati mbali ya chithandizo. Koma mzinda wa Lilongwe wasintha mofulumira kuposa bukulo. Nkhani ino ikutsata mbiri ziwiri: m'mene madokotala anadziwira kuti matenda a mtima amayamba paubwana, ndi m'mene mbale ya mwana wa m'tauni yasinthira. Mbiri ziwirizi zikuloza kumodzi. Cholesterol yotsika imene anthu a kuno akhala nayo kwa zaka zambiri inachokera ku kadyedwe ndi ntchito zawo, ndipo ikhoza kutayika kadyedweko kakasintha.

Cholesterol ndi miyeso yake

Cholesterol ndi mtundu wa mafuta amene thupi limafuna. Yambiri imapangidwa m'chiwindi, ndipo thupi limaigwiritsa ntchito pomanga maselo, mahomoni, ndulu ndi vitamini D. Imayenda m'magazi itanyamulidwa ndi tinthu tosiyanasiyana. Tinthu totchedwa LDL timaipititsa ku ziwalo, ndipo tikachuluka timalowa m'khoma la mitsempha ya magazi n'kuyamba kuunjikana. Tinthu totchedwa HDL timathandiza kuibwezera ku chiwindi. Mitsempha ikamachepa pang'onopang'ono munthu samva kanthu, mpaka tsiku limene magazi alephera kufika ku mtima kapena ku ubongo.

Malangizo a ku America a chaka cha 2011, amene mayiko ambiri amatengerako, amati kwa mwana cholesterol yonse pamodzi ili bwino ikakhala pansi pa 170 mg/dL, kapena 4.4 mmol/L, ndipo yakwera ikafika 200 mg/dL, kapena 5.2 mmol/L. LDL ili bwino pansi pa 110 mg/dL ndipo yakwera ikafika 130. HDL ikatsika kupitirira 40 mg/dL ndiye kuti yachepa.

M'mene zinadziwikira kuti vuto limayamba paubwana

Mu 1913, ku St Petersburg, Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu cholesterol ndipo anapeza kuti mitsempha yawo inawonongeka mofanana ndi ya anthu okalamba. Kwa zaka zambiri madokotala ankaonabe matendawa ngati a ukalamba. Maganizo anasintha mu 1953, pamene William Enos ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapima matupi a asilikali 300 a ku America amene anafa pa nkhondo ya ku Korea. Zaka zawo zinali pafupifupi 22, koma 77 mwa 100 alionse anali kale ndi zizindikiro za matendawa m'mitsempha ya mtima.

Ngati mnyamata wa zaka 22 ali kale ndi mitsempha yowonongeka, ndiye kuti kuwonongekako kunayamba ali kusukulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dokotala wa mtima Gerald Berenson anayamba kuyeza ana a sukulu m'tauni yaing'ono ya Bogalusa ku Louisiana, azungu ndi akuda omwe, ndi kuwatsata akamakula. Mu 1998 gulu lake linafalitsa zotsatira za kupima matupi a anthu 204 a zaka 2 mpaka 39 amene anafa makamaka pa ngozi. Timizere ta mafuta tinapezeka ngakhale mwa ana, ndipo kuwonongeka kunali kwakukulu mwa amene anali ndi zinthu zingapo pamodzi: kunenepa, kuthamanga kwa magazi, LDL yokwera ndi kusuta fodya.

Umboni womaliza unabwera mu 2022. Ofufuza a ku America, Finland ndi Australia anaphatikiza zolemba za anthu oposa 38,000 amene anayezedwa ali ndi zaka 3 mpaka 19, n'kuwatsata kwa zaka pafupifupi 35. Amene anali ndi miyeso yoipa paubwana ndi amene ambiri anadzadwala kapena kufa ndi matenda a mtima ndi sitiroko asanakalambe.

Manambala amayenda ndi chakudya

Phunziro lachiwiri la mbiriyi ndi lolimbikitsa. Mu 2019 Amanda Perak ndi anzake anaunika miyeso ya ana ndi achinyamata a ku America a zaka 6 mpaka 19. Cholesterol yawo, poiwerengera pakatikati, inatsika kuchoka pa 164 mg/dL mu 1999 ndi 2000 kufika pa 155 mg/dL mu 2015 ndi 2016. Inatsika pa zaka zomwezo zimene kunenepa kwa ana kunkakwera, ndipo ana omwa mankhwala a cholesterol anali ochepa kwambiri. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi kuchotsedwa kwa mafuta otchedwa trans, amene amapangidwa m'mafakitale poumitsa mafuta amadzi kuti akhale ngati majarini. Dziko la Denmark linaika malire a mafutawa mu 2003, America inalamula kuti kuyambira mu 2006 azilembedwa pa mapaketi, ndipo South Africa inaika malire ake mu 2011. Ngakhale zinali choncho, theka lokha la ana a ku America ndi limene linali ndi miyeso yonse yabwino.

Ku Turku, m'dziko la Finland, kafukufuku amene anayamba mu 1990 anapereka uphungu wa kadyedwe kwa mabanja a makanda a miyezi 7. Uphunguwo sunali woti ana asiye mafuta. Unali woti mafuta a nyama ndi a mkaka achepe, m'malo mwake mulowe mafuta a mbewu ndi nsomba. LDL ya anawo inatsika ndipo anakula bwinobwino ngati anzawo.

Manambala akhozanso kukwera. Kafukufuku wa dziko lonse amene anafalitsidwa mu 2020 anaonetsa kuti pakati pa 1980 ndi 2018 cholesterol ya akuluakulu inatsika ku Ulaya ndi ku North America koma inakwera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene mizinda inakula ndipo chakudya chinasintha. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anali m'gulu la okhala ndi miyeso yotsika kwambiri. Mu 1980 mayiko ambiri a ku Asia aja analinso m'gulu lomweli.

Nthawi imene mafuta anali mankhwala

Kafukufuku woyamba waukulu wa kadyedwe m'dziko lino anachitika mu 1938 ndi 1939, motsogozedwa ndi B. S. Platt. Gulu lake linakhala m'midzi itatu ya m'boma la Kota Kota, limene lero ndi Nkhotakota, komanso ku Ndirande mu Blantyre, likuyeza chakudya cha mabanja pa sikelo. Mbale imene anaiona inali ya nsima ya chimanga kapena ya chinangwa, ndiwo zamasamba, nyemba ndi nsomba kwa okhala kunyanja. Mafuta ambiri ankachokera ku nsinjiro zotendera ndiwo. Nkhawa ya ofufuzawo inali miyezi ya njala ndi kuperewera kwa zakudya, ndipo njala ya 1949 inatsimikiza nkhawayo.

Kuchokera pamenepo, pafupifupi chida chilichonse cha kadyedwe ka ana chinapangidwa kuti chiwonjezere. Likuni Phala, imene dzina lake linachokera ku Likuni, kufupi ndi Chinsapo, inaphatikiza chimanga ndi soya kuti phala la mwana likhale ndi mphamvu. Amayi ankalangizidwa ku sikelo kuti azithira supuni ya mafuta kapena nsinjiro m'phala. Pa njala ya 2001 ndi 2002, chiponde chinayesedwa ku Blantyre ndi ku Dowa ndipo chinasintha chithandizo cha ana onyentchera: mwana anayamba kuchirira kunyumba ndi chakudya chopangidwa ndi mtedza, mafuta, shuga ndi mkaka waufa. Pambuyo pake shuga ndi mafuta ophikira anasankhidwa kuti azinyamula vitamini A, ndipo shuga wa vitamini A anayamba kupezeka mu 2012.

Ntchitoyi inapulumutsa miyoyo. Kupinimbira kwa ana osakwana zaka 5 kunatsika kuchoka pa 55 mwa 100 alionse mu 2000 kufika pa 47 mu 2010 ndi 37 mu 2015 ndi 2016. Kuperewera kwa vitamini A mwa ana aang'ono kunatsika kuchoka pa 59 mwa 100 alionse mu 2001 kufika pa 4 okha. Inasiyanso chikhulupiriro champhamvu pakati pa makolo ndi ogwira ntchito zachipatala chakuti mwana wonenepa ndi mwana wosamalidwa bwino. Pa zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkaondetsa anthu, chikhulupirirochi chinakula: kuonda kunkabweretsa manong'onong'o, kunenepa kunkatseka anthu pakamwa.

Mzinda umene unakula ndi chiwaya

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000. Mu 1977, chaka chimene chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa, anali pafupifupi 99,000. Mu 1998 anafika 440,000, ndipo mu 2018 anali 989,000. Kawale ndi Biwi anadzaza, Area 23 ndi Area 25 anakula, ndipo Mgona ndi Chinsapo analandira anthu ofuna malo otsika mtengo kufupi ndi ntchito za ku Kanengo ndi ku tauni.

Banja la m'malo amenewa limagula pafupifupi chilichonse chimene limadya, ndipo limagulanso makala ophikira. Nyemba zimadya makala ambiri ndi nthawi yaitali. Mandasi, zitumbuwa, zibwente, tchipisi cha pa chiwaya ndi timapaketi ta zokhwasula zamchere zimapezeka pa geti la sukulu zitapsa kale, pa mtengo umene mwana angakwanitse. Mafuta ophikira amagulitsidwa oyeza m'timajumbo, ndipo ena mwa iwo ndi a kanjedza ochokera kunja, amene ali ndi mafuta ouma ambiri kuposa a soya kapena a mpendadzuwa. Pa chiwaya mafuta amodzimodzi amatenthetsedwa kangapo, nthawi zina pamodzi ndi mafuta a nkhumba kapena a mbuzi. Wogulitsa sachita izi mwa nkhanza. Mafuta ndi okwera mtengo ndipo phindu lake ndi lochepa.

Mbale yakale sinathe. Usipa, bonya, nkhwani wotendera ndi mgaiwa zikadalipo m'nyumba zambiri. Chimene chachitika n'chakuti pa mbale yakaleyo pawonjezeka chakudya chokazinga ndi zakumwa zashuga, pamene kulima, kusinja ndi kuyenda mitunda italiitali zachepa kwa ana ena, makamaka atsikana akatha msinkhu.

Zimene zinayezedwa mwa makolo awo

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO anachita kafukufuku wa STEPS pa anthu 5,206 a zaka 25 mpaka 64. Anthu 8.7 mwa 100 alionse anali ndi cholesterol yokwera: amayi 11 ndi abambo 6 mwa 100 alionse. Munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Zotsatirazi zinathandiza kuti mu 2011 undunawu ukhazikitse nthambi yoona za matenda osapatsirana.

Pakati pa 2013 ndi 2016, bungwe la MEIRU linayenda khomo ndi khomo ku Area 25 ndi kumidzi ya ku Karonga, n'kuyeza akuluakulu 28,891, ndipo 15,013 mwa iwo anali a ku Area 25. Amayi 44 ndi abambo 18 mwa 100 alionse a ku Area 25 anali onenepa kupitirira muyeso, poyerekeza ndi amayi 27 ndi abambo 9 a kumudzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo akuonetsa njira yomweyo: amayi onenepa kupitirira muyeso anali 10 mwa 100 alionse mu 1992 ndipo anafika 21 mu 2015 ndi 2016. M'kafukufuku wotsirizayu, ana osakwana zaka 5 pafupifupi 5 mwa 100 alionse anali kale olemera kupitirira msinkhu wawo.

Miyeso ya cholesterol m'mafukufuku amenewa inali ya akuluakulu. Koma mayi wa zaka 25 amene anayezedwa ku Area 25 mu 2014 anali mwana wa pulayimale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ana ake akudya mumphika umodzi ndi iye. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Zimene zidzaoneke ku kiliniki ya matenda osapatsirana mu 2050 zikukonzedwa panopa mwa ana amenewa.

Magulu a ana ofunika diso lapadera

Gulu loyamba ndi la ana amene anapulumuka kunyentchera. M'zaka za m'ma 1980, David Barker wa ku England anaonetsa kuti anthu obadwa ochepa thupi amadzadwala kwambiri matenda a mtima akakula. Ku Blantyre, kafukufuku wa ChroSAM anatsata ana amene anagonekedwa pa wodi ya Moyo ku chipatala cha Queen Elizabeth mu 2006 ndi 2007. Patapita zaka 7, anawo anali afupi, a minofu yochepa ndi manja ofooka poyerekeza ndi abale awo, koma cholesterol yawo sinasiyane ndi ya anzawo. Uthenga wake ndi wakuti mpata ukadalipo. Chimene chikufunika kupewa ndi kunenepa kofulumira pa thupi lalifupi la minofu yochepa mwanayo akamakula m'tauni.

Gulu lachiwiri ndi la ana ndi achinyamata omwa ma ARV. Mankhwalawa anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo chipatala cha ana cha Baylor chinatsegulidwa pa Kamuzu Central mu 2006. Ana ambiri amene anayamba mankhwala nthawi imeneyo lero ndi akuluakulu. Mankhwala ena akale, monga stavudine ndi lopinavir, amadziwika kuti amasokoneza mafuta a m'magazi. Dziko lino linayamba kusamukira ku dolutegravir mu 2019, ndipo kafukufuku wa ODYSSEY, amene anachitika ku Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi mayiko ena, anapeza kuti ana omwa dolutegravir anali ndi cholesterol yotsikirapo. Mwa akuluakulu mankhwalawa amayendera limodzi ndi kunenepa, choncho kulemera kwa wachinyamata kuziyang'aniridwa pa ulendo uliwonse. Mankhwala sasiyidwa chifukwa cha nkhawa ya cholesterol.

Gulu lachitatu ndi la ana obadwa ndi cholesterol yokwera ya kumtundu. Padziko lonse vutoli limapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 250 mpaka 300. Ngati chiwerengerochi chili chimodzimodzi ku Lilongwe, mumzindawu muli anthu otere oposa 3,000. Kholo likakhala nalo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka woti atengere. Mwana wotere akhoza kukhala woonda ndi wothamanga, ndipo kusintha chakudya kokha sikukwanira. Mankhwala a statin amayambidwa ali ndi zaka 8 mpaka 10. Ana odwala shuga ndi ana otupa thupi chifukwa cha matenda a impso nawonso amakhala ndi cholesterol yokwera.

Pali chenjezo limodzi kwa owerenga zotsatira za ku labotale. Malungo, HIV yosalandira chithandizo ndi matenda ena otentha thupi amatsitsa cholesterol, makamaka HDL. Nambala yotsika mwa mwana wodwala si umboni wa thanzi, ndipo mwana ayezedwe atachira. Mu Africa, HDL yochepa ndi imene imapezeka kawirikawiri mwa akuluakulu kuposa cholesterol yonse yokwera.

Ntchito imene ingatheke ndi zida zimene zilipo

Malangizo a ku America amati mwana aliyense ayezedwe magazi ali ndi zaka 9 mpaka 11, ndiponso 17 mpaka 21. Ngakhale kumeneko akatswiri sagwirizana onse pa mfundoyi, ndipo zipatala zazing'ono za ku Kawale kapena ku Area 25 zili ndi zofunika zina zambiri zolimbirana ndalama zomwezo. Zimene mbiri ikuonetsa n'zakuti phindu lalikulu linachokera ku chakudya ndi ku kuzindikira mabanja a chiopsezo, ndipo zonsezi zili m'manja mwa alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'magulu a amayi.

Funso limodzi pa ulendo wa pakhomo likhoza kupeza banja lofunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu: kodi alipo m'banjamo amene anadwala mtima kapena kufa mwadzidzidzi, bambo asanafike zaka 55 kapena mayi asanafike 65? Mzere wa kulemera m'buku la mwana uziwerengedwa mbali zonse ziwiri, ukamatsika ndi ukamakwera mopitirira. Ana a sukulu ndi achinyamata, amene sikelo inawasiya ali ndi zaka 5, akhoza kuyezedwa msinkhu ndi kulemera pa masiku a katemera wa HPV ndi a mankhwala a njoka zam'mimba.

Uphungu wa mafuta ukufunika kusiyanitsa misinkhu. Mwana wosakwana zaka 2 amafuna mafuta kuti ubongo ukule: bere lokha kwa miyezi 6, kenako phala la nsinjiro, dzira, mapeyala ndi nsomba, akuyamwabe. Mwana wonyentchera amalize chiponde chake chonse. Kwa mwana wa sukulu ndi wachinyamata, nkhani ndi ya mtundu wa mafuta ndi kuchuluka kwa zokazinga. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, gulu la zamafuta likwaniritsidwe ndi mtedza, soya, mpendadzuwa, mapeyala ndi usipa kuposa mafuta amene amagwirana akazizira. Mbatata yophika, chinangwa, chimanga chootcha, nthochi ndi mtedza wokazinga pa phale zikhoza kugulitsidwa pa geti la sukulu lomwelo pa mtengo wofanana, ndipo komiti ya sukulu ikhoza kukambirana ndi amayi ogulitsa popanda kuwathamangitsa. Fodya amatsitsa HDL ndi kuwononga mitsempha, choncho nkhani yake ilowe m'maphunziro a achinyamata pamodzi ndi ya masewera, makamaka a atsikana.

Alangizi a zaumoyo a m'dziko lino anayamba ngati obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, anakhala olimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970, ndipo kenako ananyamula chiponde, mankhwala a malungo ndi ntchito ya HIV. Nthawi zonsezi vuto linkaoneka ndi maso lisanafike pa ndandanda ya ntchito zawo. Vuto la cholesterol siliona choncho: mwana amene lamuyamba amaoneka wathanzi, ndipo zotsatira zake zimadza patapita zaka 30 kapena 40. Mayiko a ku Ulaya anayamba kuchitapo kanthu mawodi a matenda a mtima atadzaza kale. Lilongwe ili ndi mwayi woyamba pamene nsinjiro, nyemba ndi usipa zikadali pa mbale ya ana ambiri.